Anemone akayera, dziwani kuti vuto linayamba kale

Anemone ndi kanyama ka m'nyanja yamchere kooneka ngati duwa, ndipo ambiri amasunga ndere m'thupi mwawo. Ndatopa nalo funso ili: "Ndiye kuti ndere zikalowa m'thupi la anemone zimasintha majini ake?" Ayi. Majini, omwe ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, amakhala omwewo. Chimene chimasintha n'chakuti ena amayamba kugwira ntchito mwamphamvu, ena n'kufatsa. Anemone wa mtundu wa Aiptasia, amene timaweta m'labotale, ali ndi majini pafupifupi 29,000, malinga ndi kafukufuku amene anatuluka mu 2015. Mungathe kumuchotsa ndere zonse, n'kumadyetsa, iye osafa. Mukamuyerekezera ndi mnzake wokhala ndi ndere, DNA ndi imodzimodzi, koma majini mazanamazana amagwira ntchito mosiyana.

Nderezi si zoterera za pamwala zija. Ndi za selo imodzi, za banja la Symbiodiniaceae, ndipo zimakhala m'kati mwenimweni mwa maselo a m'mimba mwa anemone, iliyonse m'kathumba kake. Zimapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira mwini nyumba. Iyeyo ndiye amadzutsa majini onyamula chakudyacho, monga a NPC2 amene amatenga mafuta a mtundu wa sterol. Koma chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya nayitirojeni. Anemone akalandira shuga, amaugwiritsa ntchito kumangira amoniya wa m'thupi mwake (momwe muli nayitirojeni amene ndere zimafuna kuti zichulukane) kuti akhale zomanga thupi. Potero ndere zimapeza nayitirojeni wochepa, sizichulukana mopitirira, ndipo shuga wotsala zimapereka. Mlendo amasungidwa mwa kumupimira chakudya.

Madzi akatentha, dongosolo limeneli ndi limene limayamba kugwa. Ofufuza anaziona pa makorali, tinyama ta m'nyanja tosunganso ndere, abale ake a anemone: nyamayo imayamba kudya zomanga thupi zake, amoniya n'kuchuluka, ndere n'kukhuta nayitirojeni n'kuyamba kudzisungira shuga. Zonsezi zimachitika nyamayo isanayambe kuyera n'komwe. Diso limaona nyama yofiirira bwinobwino, pamene m'kati njala yalowa kale. Kutentha kongopitirira ndi digiri imodzi pa kutentha kwa chilimwe, kwa milungu ingapo, n'kokwanira kuti ndere zichoke m'thupi, nyamayo n'kuyera. Mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America, loona za nyanja ndi nyengo, linalengeza kuti makorali akuyera padziko lonse kachinayi, chiyambire 1998.

Pali nkhani imodzi imene imandiwawabe. Mnyamata wina wa kwathu, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Abwana ake anamusiyira thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere kuti aziisamala. M'menemo munali anemone woyera mbuu, nsonga za timanja take zofiirira pang'ono. Wogulitsa anawauza kuti ndi mtundu wosowa, n'kuwalipiritsa ndalama zambiri. Sunali mtundu wosowa. Anali anemone wotha ndere, wodwala asanachoke m'sitolo. Mnyamatayo anadikira milungu itatu akumuona akunyala, pakamwa pali yasa, mwendo wosagwiranso pamwala. Atabwerera kusitoloko anamugulitsa kabotolo koti "kamabwezeretsa mtundu". Pamene ankandilembera n'kuti nyamayo itayamba kusungunuka, ndipo iye ankaopa kuti ntchito imuthera.

Chonde, palibe kabotolo kamene kangalamule majini kuti adzuke. Ena amafika pothira utoto anemone woyera kuti aoneke wachikasu kapena wapinki, ogula n'kumakopeka. Musagule. Ngati muli naye kale woyera, sanafe, koma nthawi ndi yochepa. Yezani kutentha kwa madzi lero lomwe, osati mawa. Onjezani kuwala pang'onopang'ono, chifukwa kuwala kwadzidzidzi kumawononga ndere zochepa zimene zatsala. Muzimudyetsa tinyama ting'onoting'ono ta m'nyanja kangapo pa mlungu, poti shuga uja sakumulandiranso. Timadontho tofiirira tikayamba kuoneka m'timanja, ndiye kuti ndere zayambanso kuchulukana, ndipo zimenezo zimatenga miyezi.