Mapu a pepala kapena GPS: kumene mkangano wa oyendetsa ndege unachokera

Chigwereni ndege ya asilikali a dziko la Malawi m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8, funso limodzi silikuchoka pakamwa pa anthu kuno ku Chipata. Malire a Mwami ali pafupi, maliro a kutsidya ndi athu omwe. Anthu amati, masiku ano ngakhale woyendetsa takisi ali ndi GPS m'foni, nanga ndege ingagunde bwanji phiri? Za chomwe chinagwetsa ndegeyo anthu akukanganabe, ine sindilowererapo. Koma akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inalibe bokosi lojambulira mawu ndi kayendedwe, ndipo njira imene inadzera anaiwerenga m'kachipangizo ka GPS kamene kanali momwemo. Kachipangizoko kankadziwa bwino lomwe pamene ndege inali. Chifunga ndiye sikanathe kuchichotsa.

Nkhaniyi inadzutsa mkangano wakale pakhomo pathu. Amalume anga anayendetsapo tindege ting'onoting'ono asanapume pantchito, ndipo mdzukulu wawo akuphunzira ntchito yomweyo. Tsiku lina anatulutsa mapu awo m'sutikesi, othothoka m'mopinda, omatidwa ndi selotepu amene anachita kufiira ndi ukalamba. Pa mapuwo sentimita imodzi imaimira makilomita 10. Panali kamzere ka pensulo kochokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe, kodulidwadulidwa ndi timizere tosonyeza mphindi. Kale ntchito inali imeneyo. Unkalemba mzere, n'kuyeza mbali yolowera, n'kuwerengera mphepo imene ikukankhire pambali, osaiwala kuti kampasi siloza ndendende kumpoto kwa pa mapu. Ukanyamuka, maso ankayenda pakati pa wotchi, pepala ndi pansi. Ikakwana nthawi yoti uone msewu kapena mtsinje koma osauona, unkadziwa kuti china chalakwika.

Mnyamatayo sanachite nawo mantha. "Agogo, nanga mu Okutobala, anthu akatentha tchire, utsi utaphimba chigwa chonse, munkaona chiyani?" Amalume anangoseka, chifukwa ndi zoona. Luangwanso ndi mtsinje wosakhazikika. Umakhotakhota, kusiya madamu m'mbali, ndipo pokhota pamene panajambulidwa zaka makumi angapo zapitazo lero pakhoza kukhala pouma. Pepala limakalamba mwakachetechete.

Okonda GPS amakumbutsanso za Ndola mu Seputembala 1961, pamene ndege ya mlembi wamkulu wa United Nations, Dag Hammarskjöld, inagwa usiku ikufuna kutera. Ena ankati oyendetsa anasokoneza tchati (mapu oterera) cha Ndola ndi cha Ndolo, bwalo la ku Léopoldville, mzinda wa ku Congo umene lero ndi Kinshasa. Umboni umenewu ndi wopepuka. Kafukufuku wa m'zaka zaposachedwa wotsogoleredwa ndi woweruza wa ku Tanzania, Mohamed Chande Othman, anati n'kutheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa, ndipo nkhaniyo sinatsekedwe mpaka lero. Kuisandutsa mlandu wa pepala n'kukakamiza.

GPS inayamba ngati katundu wa asilikali a dziko la America, ndipo setilaiti yoyamba inaponyedwa mu 1978. Masetilaitiwa amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, aliyense akulengeza nthawi ndi malo ake, ndipo kachipangizo kakamva anayi kamawerengera pamene kali. Koma tsiku limene ine ndimaliona ngati phata la nkhani yonse ndi 1 Seputembala 1983.

Usiku wolowera tsiku limenelo ndege ya Korean Air Lines nambala 007, Boeing 747 yochokera ku New York, inanyamuka ku Anchorage ku Alaska kupita ku Seoul ndi anthu 269. Sinali ndege yoyendera pensulo. Inali ndi makina apamwamba a nthawi imeneyo otchedwa INS, amene amawerengera okha malo popanda kuyang'ana pansi. Itangonyamuka inayamba kupatuka pang'onopang'ono kulowera kumpoto kwa njira yake. Maola oposa asanu inauluka choncho, oyendetsa akulengeza pa wailesi malo amene ankaganiza kuti adutsa, pamene anali atataya njira ndi makilomita mazanamazana. Inadutsa pamwamba pa Kamchatka, dera lodzadza ndi zida za Soviet Union, kenako Sakhalin, ndipo kumeneko ndege yankhondo inaiombera. Palibe amene anapulumuka.

Kwa zaka zambiri America ndi Soviet Union ankalozana zala. A Soviet ankati ndegeyo inkachita ukazitape, ndipo mabokosi ojambulira amene anawavuula m'nyanja anawabisa. Anadzawatulutsa boma lawo litagwa, ndipo mu 1993 bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO linatulutsa lipoti lachiwiri. Ili ndi limene ndimalikhulupirira, chifukwa linatsamira pa zojambulidwa m'ndegemo. Linati makina oyendetsa ndege yokha anatsalira pa kulunjika mbali imodzi ya kampasi ulendo wonse, sanalumikizane ndi INS. Kaya oyendetsa anaiwala kutembenuza batani, kaya analitembenuza atatalikira kale njira moti makinawo anakana kugwira, lipotilo linasiya zonse ziwiri zili zotheka. Chomwe silinakayike n'chakuti iwo sanaonetsetse.

Patangotha milungu iwiri ngoziyo itachitika, boma la pulezidenti wa America Ronald Reagan linalengeza kuti GPS ikadzamalizidwa ndege za anthu wamba zidzaloledwa kuigwiritsa ntchito. Olemba ena amati Reagan anapereka GPS kwa anthu tsiku limenelo. Kumeneko n'kukometsera, poti okonza anali ataganizirako kale za anthu wamba, ndipo masetilaiti anali akadali ochepa. Chimene chinaperekedwa ndi lonjezo. Koma taonani: chipangizo chimene lero achinyamata amachikhulupirira ndi mtima wonse chinatsegulidwa chifukwa cha anthu amene anakhulupirira makina osawafunsa kawiri. Amalume akafika apa amagwedeza mutu, osawonjezera kanthu.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Mu 1995 dongosolo la masetilaiti 24 linalengezedwa kuti lakwanira, koma asilikali ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti munthu ankatha kuphonya ndi mamita 100. Kumayambiriro kwa Meyi 2000 pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuleke. Kenako mu 2010 kunabwera iPad, mapu onse n'kulowa m'kagalasi koika pabondo. Ena nawonso ali ndi masetilaiti awoawo ogwira ntchito ngati GPS: Russia ili ndi GLONASS, Ulaya Galileo, China BeiDou. Kunena chilungamo, kwa woyendetsa amene akufunafuna kabwalo kafumbi pakati pa mitengo ya tsanya mu utsi wa Okutobala, GPS yapulumutsa mafuta ndi miyoyo, ndipo amalume sakana.

Chomwe amakana n'choti pepala latha ntchito. Uthenga wochokera kutali choncho umafika pansi uli wofooka, ndiye savuta kuutsekereza kapena kuunamiza. Mu 2024 kampani ya Finnair inaimitsa kwa mwezi wathunthu maulendo ake opita ku Tartu ku Estonia chifukwa GPS inkasokonezedwa. Kuno kwathu mdani ndi wapafupi kuposa pamenepo. M'chigwa cha Luangwa kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo tabuleti yosiyidwa padzuwa imazima yokha mpaka itazizira. Ikazima uli m'mwamba, umatsala ndi zimene unasunga m'mutu, ndipo amene wakhala akungotsatira kamzere ka pagalasi amakhala sanasunge kanthu.

Mnyamata uja anawerama pa mapu aja nthawi yaitali, kenako analoza kummawa kwa tauni. "Agogo, njanji ya ku Mchinji palibepo apa." Njanjiyo inatsegulidwa mu 2010, mapuwo atagona kale m'sutikesi. Amalume anavala magalasi, n'kusuzumira, n'kundituma kuti ndikawatengere pensulo ndi rula.