Chikhadabo cha mwana chakhuthala: bwanji adokotala akuti tiyeze kaye?

Madokotala a khungu amatsata lamulo lakuti mankhwala akumwa opha mafangasi (tizilombo tonga timene timayambitsa chipere) asaperekedwe chikhadabo chisanayezedwe. Kwa ana, lamuloli ndi lofunika zedi.

Chikhadabo cha mwana wanga n'chokhuthala komanso chachikasu. Si mafangasi amenewa?

Mwina, koma kawirikawiri ayi. Mafangasi a m'zikhadabo amagwira kwambiri akuluakulu. Mwa ana sapezekapezeka, mwa zina chifukwa zikhadabo zawo zimakula msanga. Ngati vutoli munayamba kuliona mwana ali wakhanda kapena atangoyamba kuyenda, ganizirani kaye zoti anabadwa nalo.

Vuto lobadwa nalo lotani?

Lomwe limasokoneza anthu kwambiri ndi la chala chachikulu cha kuphazi. Muzu wa chikhadabo umakhala wopendekera, ndiye chikhadabocho chimamera chokhotera ku zala zing'onozing'ono m'malo motsata fupa. Mwana akamayenda chimagundika nthawi zonse, ndipo chimakhuthala, chimada, chimachita mizere yopingasa yosanjikizana ngati chigoba cha nkhono, kenaka n'kumanyamuka ku mnofu. Nthawi zambiri zimachitika kumapazi onse awiri. Dokotala Samman analongosola vutoli mu 1978, ndipo mu 1979 dokotala wina, Baran, ndi anzake anaonetsa kuti gwero lake ndi kukhota kumeneku.

Yang'anitsitsani chalacho kuchokera pamwamba mwana ataponda pansi. Kodi chikhadabo chalunjika komwe chala chalunjika? Ambiri timathamangira kuona mtundu, pomwe yankho lili pa kukhotako.

Palinso makanda omwe zikhadabo zawo zimakhala zopyapyala, zolowa pakati n'kutukuka m'mbali. Izi zimatha zokha. Losowa kwambiri ndi pachyonychia congenita, matenda a kumtundu omwe amakhuthalitsa zikhadabo zambiri n'kubweretsa zikundu zopweteka kumapazi.

Kuyezako kumakhala kotani?

Amapala kapena kudula kachidutswa ka chikhadabo, n'kukaunika pa maikulosikopu atathira mankhwala otchedwa KOH. Kachidutswa kena amakasunga ku labotale kuti aone ngati mafangasi amera, ndipo zotsatira zake zimatenga milungu ingapo.

Bwanji osangoyamba mankhwalawo, tione ngati athandize?

Apa ndiye podetsa nkhawa. Mankhwala opha mafangasi otchedwa terbinafine, akakhala a zikhadabo za kumapazi, amamwedwa pafupifupi milungu 12, ndipo mwa anthu ena amavulaza chiwindi. Kumwetsa mwana mankhwala otere pa matenda omwe alibe n'kumuika pachiswe popanda phindu. Komanso chikhadabo cha kuphazi chimachedwa kukula, choncho mungathe miyezi mukudikira kusintha komwe sikudzabwera, vuto lenileni lisanadziwike. Mafangasi angalowedi m'chikhadabo chowonongeka kale, koma ngakhale ataphedwa, kukhota kumatsala.

Chidzawongoka?

Mwa pafupifupi theka la ana obadwa ndi chikhadabo chokhota, chimawongoka chokha akamakula. Wengani chikhadabo mowongoka, osazungulira m'makona, ndipo nsapato zisathine kutsogolo. Chikakhota kwambiri, madokotala amatha kuwongola muzu wake ndi opaleshoni, yomwe imayenda bwino mwana asanakwanitse zaka 2.

Ndithamangire liti kuchipatala?

Chala chikatupa, chikatuluka mafinya, chikhadabo chikalowa mu mnofu, kapena mwana akayamba kutsimphina ndi kukana nsapato. Tengani zithunzi za mapazi ake zomwe munajambula ali wakhanda, chifukwa zimathandiza adokotala kudziwa nthawi yomwe vutoli linayamba.