Mukuthamanga inde, nanga minofu mwaisiyira ndani?

Munthu akangouzidwa kuti BP yakwera kapena shuga wayamba kuvuta, choyamba kuganiza ndi kuthamanga basi. Ndiye Loweruka mmamawa mumawaona cha ku Area 18 kapena ku Bingu Stadium uko, thukuta kamukamu, ena ali pa aerobics. Ine ngati physio, katswiri wa mafizo, sindingakuletseni, pitirizani ndithu. Kungoti ambiri mwa anthu amenewa minofu yawo sakuipatsa ntchito olo pang'ono.

Kuthamanga, kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kuvina, zonsezi ndi za mtima ndi mapapo. Mtima umazolowera kupopa magazi ambiri pakugunda kamodzi, mitsempha imafewa, ndipo kwa munthu wa BP nambala yapamwamba pa ziwiri zimene amakuuzani mukayezetsa zija imatha kutsika ndi 5 mpaka 8. Musazione zochepa, paja kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi pa akuluakulu atatu aliwonse mmodzi ali ndi BP yokwera. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro loti kuyankhula mukutha koma kuimba kukukanika. Ngati mumathamanga mwamphamvu, theka lake lakwana.

Malangizo omwewo amanenanso kuti masiku awiri pa sabata muzilimbitsa minofu, koma mbali imeneyi anthu amangoidumpha. Chonsecho mukadya nsima, shuga wambiri amene walowa m'magazi amakasungidwa m'minofu, ndiye minofu ili ngati nkhokwe, ikachepa chimanga chimangomwazika pabwalo. Vuto lake munthu ukangodutsa zaka 30 minofu imayamba kutha pang'onopang'ono osazindikira nkomwe, makamaka ngati moyo wako ndi wa mu ofesi ku City Centre, kuchoka pa desiki kulowa m'galimoto, kufika kunyumba pa sofa foni kumanja, ndiye pofika zaka 60 kudzuka pa mkeka mpaka kugwira khoma.

Amayi ndiye mumandidandaulitsa. Ndikangotchula zonyamula zitsulo yankho limakhala loti "ayi ine ndidzaoneka ngati bambo". Sizingatheke zimenezo ndi mafizo a kawiri pa sabata, testosterone, homoni imene imakulitsa minofu ya abambo ija, m'thupi mwanu ndi yochepa kwambiri. Chomwe muyenera kuopa ndi mafupa, chifukwa mukasiya kusamba amayamba kufooka msanga, ndipo fupa limalimba likamasenzetsedwa katundu. Agogo akagwa nkuthyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri moyo wawo subwereranso mwakale.

Za jimu musadandaule nazo, bola mpando ndi zigubu. Chigubu cha malita 5 chodzadza madzi ndi makilo 5 amenewo. Khalani pampando nkudzuka osagwira paliponse, pangani mapushapu olo otsamira khoma poyamba, nyamulani zigubu ziwiri muziyenda nazo pabwalo. Chilichonse ka 8 mpaka ka 12, kupumako, nkubwereza kawiri kapena katatu, ndipo zikayamba kuphweka onjezerani kulemera, apo ayi mukungotaya nthawi. Amene mumalima ndi khasu kapena kutunga madzi tsiku ndi tsiku mbali imeneyi mukuichita kale, ngakhale khasu likapachikidwa nthawi yachilimwe thupi nalo limagona.

Sikelo isakupusitseni eti. Mafizo okha sachotsa makilo ambiri ngati mbale ikadali yomweyo, pena sikelo imangoima pamodzimodzi koma lamba wayamba kukhwepa, shuga watsika.

A BP, ponyamula cholemera musamagwire mpweya, zimakweza BP nthawi yomweyo, muzitulutsa mpweya pamene mukukankha. Ngati nambala yapamwamba ikufika 180 pitani kaye kuchipatala akaitsitse musanayambe chilichonse, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wosadziwika bwino, siyani pompo mukaonane ndi adokotala.