Damu ladothi la pamalo ochezera: mafunso ndi mayankho pa za chitetezo

Kumtunda monga ku Namwera, kutali ndi nyanja, mwini malo ochezera akhoza kufuna kutchinga kamtsinje ndi dothi kuti alendo aziwedza kapena kupalasa bwato. Asanaitane thalakitala, adziwe izi.

Malo ndi anga. Ndikufunikiranso chilolezo?

Inde. Malo ndi anu, koma madzi a mumtsinje amamwa ndi anthu ambiri. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo ndi komwe mumapempha chilolezo chotchinga mtsinje. Amfumu ndi anthu a kumunsi nawonso amve kwa inu, asamve mphekesera.

Akati damu lili pa chiopsezo chachikulu, ndiye kuti latsala pang'ono kugumuka?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mlingowu suyeza kulimba kwa khoma. Umayeza zomwe zingachitike kumunsi damulo litaphulika. Ku United States amagawa patatu. Chiopsezo ndi chochepa ngati palibe amene angafe ndipo zoonongeka ndi za mwini damu yekha. Ndi chapakati ngati madzi angakokolole msewu, mlatho kapena minda ya ena. Ndi chachikulu ngati anthu angafe.

Choncho damu latsopano, lomangidwa mwaluso, likhala pa mlingo waukulu ngati kumunsi kwake kuli nyumba. Mlingo umasinthanso. Anthu akamanga m'dambo momwe kale munali madimba okhaokha, damu lomwe lija lasanduka loopsa ngakhale simunalikhudze.

Langa ndi laling'ono. Pali chodetsa nkhawa?

Akatswiri amati damu ndi lalikulu khoma likafika mamita 15, ndiye lanu mwina silifika n'komwe. Koma madzi ofika m'chiuno othamanga usiku amagwetsa nyumba ya zidina. Musaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, lomangidwa ndi mainjiniya. Nanga lothira ndi wilibala?

Chimagumula damu ladothi n'chiyani?

Kawirikawiri ndi madzi odutsa pamwamba pa khoma chifukwa ngalande yotayira madzi ndi yaing'ono kapena yatsekeka ndi zinyalala. China ndi madzi oyenda mobisa mkati mwa khoma, m'njira za chiswe, mauna a mbewa ndi mizu ya mitengo. Pakhoma dzalani kapinga, osati mitengo, ngakhale mthunzi wake ukome bwanji.

Ndiziona chiyani ndikamayendera?

Ming'alu, malo otitimira, ndi madzi otuluka kuseri kwa khoma. Akamatuluka oyera, muziwayang'anira. Akayamba kutuluka amatope, dothi likuchoka mkati: chenjezani a kumunsi nthawi yomweyo, kenako itanani katswiri. Yenderani mvula isanayambe mu Novembala, komanso ikangogwa yamphamvu.

Nanga osambira?

Madzi odikha amasunga nkhono zofalitsa likodzo, matenda odziwika bwino kuno ku Mangochi. Pakhale chimbudzi, chikwangwani chosonyeza pakuya, ndiponso munthu wamkulu wodziwa kusambira nthawi zonse pamene ana ali pafupi ndi madzi.