Ntchito ya mu laibulale yomwe ilibe dzina limodzi

Achinyamata omwe akuphunzira za malaibulale amakonda kundifunsa mafunso awiri: kodi digital humanities n'chiyani kwenikweni, nanga munthu angapeze bwanji ntchito m'menemo? Funso lachiwirilo limavuta chifukwa ntchitoyi imalengezedwa ndi mayina ambiri. Kwina amati akufuna digital humanities librarian, kwina digital scholarship librarian, kwina woyang'anira deta ya kafukufuku, kwinanso wosamalira zinthu za digito kuti zisatayike. Wofufuza dzina limodzi lokha pa intaneti amabwerako akudandaula kuti mwayi kulibe, chonsecho ntchito zikumudutsa pamphuno.

Funso loyambalo ndimaliyankha ndi nkhani ya wansembe wina wa ku Italy, Roberto Busa. Mu 1949 iye anakakumana ndi Thomas J. Watson, mkulu wa kampani ya IBM, kukapempha makina omuthandiza kusanja mawu onse a m'zolemba za Thomas Aquinas, katswiri wakale wa zaumulungu, mawu a Chilatini okwana pafupifupi 11 miliyoni. Ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 30, ndipo inatuluka m'mabuku 56 otchedwa Index Thomisticus. Ambiri amati apa ndi pomwe panayambira digital humanities, kutanthauza kugwiritsa ntchito kompyuta pofufuza mbiri, zilankhulo, zolembalemba, chipembedzo ndi zaluso. Koma mbali ya nkhaniyi yomwe imandikhudza ine ndi ina. Mawu onsewo anayenera kubooledwa pa timakadi kuti makina awawerenge, ndipo omwe ankaboola anali atsikana ophunzitsidwa ntchitoyo ku Gallarate. Kwa zaka zambiri mayina awo sankatchulidwa n'komwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kafukufuku aliyense wa mtundu uwu amatsamira pa munthu wokonza zipangizo makina asanazigwire. Masiku ano munthuyo nthawi zambiri amakhala wa mu laibulale, ndipo tsopano ali ndi udindo wake ndi malipiro ake.

Tsiku la ntchito limayenda chonchi. Mphunzitsi wa mbiri yakale amakupezani ndi zithunzi masauzande angapo za makalata akale zomwe anajambula ndi foni. Akufuna adziwe kuti ndani ankalembera ndani, liti, ali kuti. Zithunzizo zilibe mayina omveka, zina n'zobwereza, zina zinajambulidwa chozondoka. Musanaganize za pulogalamu iliyonse yapamwamba, muyenera kugwirizana naye za metadata, yomwe ndi mfundo zofotokoza chinthu chilichonse: wolemba, tsiku, chilankhulo, mwini wake. Ambiri amayambira pa Dublin Core, ndondomeko ya mfundo 15 yomwe inayambika mu 1995 ku Dublin wa ku Ohio, osati wa ku Ireland. Kenako pamabwera kusandutsa zithunzi kukhala mawu ofufuzika. Pa zolemba zosindikizidwa timagwiritsa ntchito OCR, njira yomwe kompyuta imazindikirira zilembo pa chithunzi, ndipo pa zolemba pamanja pali zida monga Transkribus, yomwe mumaiphunzitsa kalembedwe ka munthu mmodzi poipatsa masamba omwe inu mwalemba kale molondola. Ngati mphunzitsiyo akufuna kuti kompyuta izisiyanitsa dzina la munthu ndi dzina la malo, mumaika zizindikiro m'mawuwo potsata malamulo a TEI (Text Encoding Initiative), omwe akhala akukonzedwa kuyambira 1987.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Mzinda umodzi mumaupeza utalembedwa m'njira zisanu, tsiku lina lalembedwa mwezi patsogolo, lina chaka patsogolo. Pulogalamu ya OpenRefine imathandiza kusonkhanitsa zofananazo, koma woweruza kuti awa ndi malo amodzi kapena awiri ndinu. Mapu okongola ndi tsamba la pa intaneti loonetsera zinthuzo (lopangidwa ndi pulogalamu ya Omeka) lomwe anthu adzayamikire zimatenga masabata ochepa. Kukonza deta kumatenga miyezi. Mukaona nkhokwe zotchuka monga Old Bailey Online, yokhala ndi milandu yoposa 197,000 yozengedwa ku London pakati pa 1674 ndi 1913, kapena SlaveVoyages, yomwe yasonkhanitsa maulendo oposa 36,000 a zombo zonyamula akapolo kuwoloka nyanja ya Atlantic, dziwani kuti pansi pake pali zaka za ntchito yotereyi.

Palinso mafunso omwe wofufuza amawaiwala koma inu simuyenera kuiwala. Kodi makalatawa tili ndi ufulu wowaika poyera? Gogo yemwe mawu ake anajambulidwa kalekale anavomera kuti dziko lonse limumve, kapena ankalankhula ndi mlendo mmodzi yekhayo? Nthawi zina ntchito yanu ndi kukana, ndipo kukanira pulofesa si chinthu chophweka kwa munthu wongoyamba kumene.

Chinthu chomwe ndimaona kuti chidzasunga ntchitoyi kwa nthawi yaitali ndi kusamalira zomwe zapangidwa kale. Mu 1986 BBC inapanga Domesday Project pokumbukira zaka 900 za kaundula wa Domesday wa mu 1086, buku lolembedwa pa chikopa lofotokoza malo ndi chuma cha ku England. Anasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi zolemba za anthu ambirimbiri, kuphatikizapo ana a sukulu, n'kuziika pa zimbale zotchedwa LaserDisc. Zisanathe zaka 20, makina owerengera zimbalezo anali atasowa, moti panafunika akatswiri kuti apulumutse zomwe zinalimo. Kaundula wa pa chikopa uja akuwerengekabe mpaka lero ku Kew, ku London, komwe dziko la Britain limasungira zolemba zakale. Pulojekiti zambiri za m'mayunivesite zimafa imfa yomweyo mwakachetechete: ndalama zikatha, wophunzira yemwe ankadziwa seva akamaliza digiri yake, tsamba limangozima. Wa mu laibulale yemwe amadziwa kusankha mitundu ya mafayilo yokhalitsa, kusunga makope m'malo angapo ndi kulemba momwe zonse zinapangidwira, ameneyo sasowa womufuna.

Ntchitozi zimapezeka kwambiri m'malaibulale a mayunivesite, komanso m'malaibulale a dziko, mosungira zolemba zakale, m'mamyuziyamu ndi m'nyumba zoulutsira mawu zomwe zili ndi matepi akale. Zina zimabwera ndi thandizo la ndalama, monga la Endangered Archives Programme ya British Library, yomwe kuyambira 2004 yakhala ikulipirira kujambula zolemba zomwe zili pangozi m'mayiko ambiri. Ku South Africa kuli SADiLaR, nthambi ya kafukufuku wa zilankhulo pa kompyuta, yomwe likulu lake lili ku North-West University, ndipo imagwira ntchito pa zilankhulo za dzikolo.

Za maphunziro, malo ambiri amafuna digiri ya masitazi ya za malaibulale, ndipo ku United States nthawi zambiri amati ikhale yovomerezedwa ndi American Library Association. Ena amalandira wa PhD ya mbiri kapena zilankhulo. Simufunika kukhala katswiri wolemba mapulogalamu. Python pang'ono (chilankhulo cholembera mapulogalamu), XML (njira yoikira zizindikiro m'mawu), ndi kudziwa bwino spreadsheet zimakufikitsani patali, ndipo maphunziro a Programming Historian ndi Library Carpentry ali pa intaneti kwaulere. Ine ndikamawerenga makalata ofunsira ntchito, sindichedwa pa mndandanda wa mapulogalamu omwe munthu akuti amawadziwa. Ndimafuna kuona kanthu kamodzi komwe anakamaliza, ngakhale zikalata 50 zokha, zofotokozedwa bwino, ndi tsamba limodzi lonena zomwe zinamuvuta. Ndipo ngati mumadziwa chilankhulo chomwe makina amachiwerenga movutikira, chilembeni pamwamba. Zida zatsopano za AI zimalakwitsa kwambiri m'zilankhulo zoterezi, ndipo zimalakwitsa mosachita manyazi, choncho wozindikira cholakwacho ndi wofunika.

Chenjezo langa lili pa kontirakiti. Ntchito zambiri zoyambira zimakhala za zaka ziwiri kapena zitatu, zomangiriridwa ku ndalama za pulojekiti. Zina zimafuna kuti munthu mmodzi akhale mphunzitsi, wolemba mapulogalamu, wosamalira seva ndi wolemba zopempha ndalama nthawi imodzi. Ndinaigwirapo ntchito yotere pa yunivesite ina, ndipo chaka choyamba chinathera kuukitsa masamba omwe eni ake anachoka kalekale osasiya ngakhale pasiwedi. Akakuitanani ku intavyu, nanunso funsani: seva amayang'anira ndani, ndidzagwira ntchito ndi anthu angati, ndipo ndalama za pulojekiti zikadzatha, udindowu udzalipiridwa kuchokera pati?