Ufa umene umagawa madzi ndi kuwala kwa dzuwa

M'chaka cha 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anasonyeza kuti kuwala kukagwera pa titanium dioxide (msakanizo wa chitsulo cha titanium ndi okosijeni) amene wamizidwa m'madzi, madziwo amagawika, ndipo okosijeni amatuluka pamenepo pamene haidrojeni amatulukira pa chitsulo cha platinum cholumikizidwa ndi waya. Kuyambira nthawi imeneyo akatswiri akhala akufunafuna ufa umene ungagwire ntchito yonseyi pawokha, popanda waya kapena magetsi.

Zimene zimachitika m'kati mwa kambewu kamodzi ka ufawo n'zosavuta kuzimvetsa. Kuwala kumakankha elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi, kuchoka pamalo pake n'kusiya bowo, ndipo elekitironiyo akafika pamwamba pa kambewuko amapanga haidrojeni, pamene bowolo limapanga okosijeni. Kugawa madzi kumafuna mphamvu ya 1.23 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), koma titanium dioxide salola elekitironi kudumpha pokhapokha atalandira pafupifupi 3.2 eV, mphamvu imene imapezeka m'cheza cha ultraviolet chokha, chomwe ndi pafupifupi 5 peresenti ya kuwala kwa dzuwa. Choipiraponso n'chakuti elekitironi ambiri amabwerera m'bowo lawo asanagwire ntchito, mphamvu yonse n'kusanduka kutentha.

Vuto lachiwirili gulu la katswiri wa ku Japan, Kazunari Domen, linalithetsa mwaluso mu 2020. Anatenga ufa wina wotchedwa strontium titanate, anathiramo aluminiyamu pang'ono, kenaka anaika rhodium ndi chromium oxide pambali ya kambewu imene maelekitironi amathamangira, ndi cobalt pambali ina imene mabowo amasonkhana, kuti awiriwa asakumanenso. Pa cheza cha ultraviolet cha mananomita 350 mpaka 360 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), pafupifupi 96 peresenti ya kuwala kunagwira ntchito.

Komabe atayala ufawu pa mapanelo okwana masikweya mita 100 panja padzuwa ku Japan, lipoti la 2021 linasonyeza kuti mphamvu ya dzuwa imene inasanduka haidrojeni sinapitirire 0.76 peresenti. Ine sindiona chiwerengero chimenechi ngati kulephera, chifukwa anasonyeza kuti mpweya wosakanikirana wa haidrojeni ndi okosijeni, umene umaphulika mosavuta, ungathe kusonkhanitsidwa ndi kulekanitsidwa popanda ngozi kwa miyezi ingapo. Chimene chatsala, ndipo n'chovuta kwambiri, ndi kupeza ufa womwa kuwala kooneka ndi maso umene sudyeka ukakhalitsa m'madzi, pakuti mitundu yambiri ya sulfide ndi nitride imene imamwa kuwala kotereku imawonongedwa ndi mabowo ake omwe.