Agogo safuna owayankhulira, akufuna mpando mu komiti

"Musavutike, agogowo tiwayankhulira ife." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimawamva kwa makhansala, kwa ma block leader, kwa amipingo, ngakhale kwa anzanga amene timagwira nawo ntchito yosamalira anthu m'madera muno mu Mzuzu. Oyankhula choncho si anthu ouma mtima ayi. Ndi omwewo amene pa 1 October, tsiku la achikulire padziko lonse, amasonkha ndalama n'kugula mabulangete, sopo ndi shuga. Agogo amakhazikidwa kutsogolo, amavinitsidwa, amajambulidwa, mlendo wolemekezeka n'kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ikatha sabata komiti yachitukuko ya m'wodi imakumana kuti isankhe ntchito zopita kukhonsolo, ndipo pamenepo simupezapo ndi mmodzi yemwe woyendera ndodo.

Wina anena kuti mafumu alipo, nawonso ndi achikulire. Afumu amakhala pamenepo ngati afumu, ndipo madzi kunyumba kwawo alipo wowatungira. Ine ndikunena gogo wa ku Masasa amene amakwera chitunda choterera ndi chigubu, mawondo akukana.

Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira pansi: kumudzi kudzera m'makomiti achitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a dera la mfumu yaikulu (ADC), m'tauni kudzera m'makomiti a m'wodi. Chimene sichinalembedwe m'maminitsi a makomitiwa sichifika kukhonsolo, ndipo chimene sichili mu pulani sichiona ndalama. Chaka cha boma chimayamba pa 1 April, ndiye wobwera kudzadandaula mu June kuti pachipatala palibe benchi yokhalapo okalamba wachedwa kale, adikire chaka chamawa. Lamulo la maboma ang'ono lija limapatsa khonsolo malo asanu a anthu oimira magulu apadera. Savota, koma amayankhula ndipo zonena zawo zimalembedwa. Kafunseni khansala wanu kuti pa asanuwo woimira achikulire ndani. Misonkhano imene nduna ya zachuma imachititsa pomva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe imafika kuno ku Mzuzu, koma imachitikira m'mahotela, m'Chingerezi. Gogo wa Chitumbuka kapena Chitonga, ngakhale wa Chichewa amene, angayambire pati?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu a zaka 60 kupita m'mwamba ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ndi ochepa, n'chifukwa chake andale amawakumbukira kampeni ikayandikira basi. Koma lowani m'nyumba za ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Zolozolo muone amene akulera ana amasiye, kapena ana amene makolo awo ali ku Joni. Ndondomeko ya boma ya achikulire tinali nayo kuyambira 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza, mabungwe monga MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za achikulire, atalimbikira kwa zaka zambiri. Ndi zabwino, koma lamulo silidziyendera lokha kukafika ku Salisbury Line. Pamafunika munthu wokhala mu komiti wolifunsa.

Pali mayi wina amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Anali wa zaka zopitirira 70, akulera zidzukulu kumunsi kwa dambo. M'dera mwawo munabwera ndalama zomangira malo otungirapo madzi. Uthenga wa msonkhano unayenda pa WhatsApp, msonkhano weniweniwo unachitikira pasukulu pamwamba pa chitunda, masana dzuwa likuswa mtengo. Iwo anamva kwa oyandikana nawo, anakwera ndithu, anafika anthu atayamba kale. Atakweza mkono, wapampando anati, "Gogo, mdzukulu wanu wanena kale za kwanuko." Mdzukuluyo anali mnyamata wa kabaza amene sanasenzepo chidebe. Mpopi unamangidwa kumsewu, pafupi ndi magolosale, ndipo anthu akumunsi anapitiriza kumwa m'zitsime zosatetezedwa.

Chimene chimandiwawa n'chimene chinatsatira. Patapita nthawi mayiyo anayamba kuiwalaiwala. Ankatuluka usiku n'kusochera, tsiku lina anapezeka m'mamawa atakhala pakhonde la eni, chovala chili chosalongosoka. Komiti yomweyo imene inalibe mphindi ziwiri zowamvera inapeza tsiku lathunthu lokambirana za iwo, eni ake kulibe. Kunaitanidwa sing'anga. Nkhani inatipeza ife nyumba itagendedwa kale, zidzukulu zitamwazikana kwa achibale. Kukanakhala achikulire awiri kapena atatu mu komitimo, akanati uyu ndi mnzathu, tinkapita naye kumvano, wadwala, timutengere kuchipatala.

Chonde ndimvereni apa. Kuiwala, kusochera, kutchula anthu amene anamwalira kalekale ngati akadali moyo, kuvula pagulu, zimenezi ndi zizindikiro za matenda a ubongo amene amagwira okalamba ambiri. Nthawi zina kusokonezeka kwadzidzidzi kumabwera chifukwa cha malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, zimene zimachizika mukafulumira. Muno mu Mzuzu tili ndi mwayi, chipatala chachikulu chilipo, a St John of God oona za matenda a m'maganizo aliponso. Sing'anga amene amabwera ndi kalilole ndi mchira wake safuna wodwalayo achire, amafuna mbuzi ndi ndalama, ndipo sangachoke osaloza munthu. Wolozedwa amakhala amene alibe womuikira kumbuyo. Lamulo la ufiti la 1911 likugwirabe ntchito: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti ndi mlandunso. Ku Neno mu January 2016 achikulire anayi anaphedwa mtsikana wina atawombedwa ndi mphezi. Zinayamba ndi manong'onong'o ngati omwe mukuwamva m'dera mwanumo n'kumati azitha okha. Musadikire mwala woyamba, kanenenitu kupolisi ku Victim Support Unit kapena ku ofesi ya zosamalira anthu.

Palinso akathyali ena ovala bwino, onyamula mafayilo, amene amayenda m'makomo kunena kuti akulemba mayina a agogo oti azilandira ndalama za boma, n'kumatolera ziphaso za unzika ndi "kangachepe ka fomu". Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, si penshoni ya okalamba onse. Amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, ndipo kulembetsa salipiritsa. Chiphaso cha gogo chizikhala ndi gogo, nambala yachinsinsi ya pafoni chimodzimodzi, ngakhale wopempha akhale mdzukulu wa m'nyumba momwemo. M'milandu yambiri imene imandifika, wakuba amakhala wodyera mbale imodzi ndi wobedwayo.

Inu apampando a makomiti, msonkhano uzichitikira pamalo osakwera, m'mawa, ndipo uthenga uzidutsa kutchalitchi, kumzikiti ndi pakamwa pa block leader. Achikulire asankhane okha awiri, bambo ndi mayi, osati osankhidwa ndi inu. Ayambe ndi iwo kuyankhula anyamata asanatenthetse nkhani, m'chiyankhulo chimene akufuna. Pomaliza mlembi awerenge mokweza zimene walemba, chifukwa ambiri mwa iwo maso anafooka, kuti amve ndi makutu awo ngati za benchi ndi mpopi zalowa m'buku.